Ndikumva fungo la chinthu chikupsa koma ena sakulimva: yankho kwa mayi a ku Nchalo

Funso lake ndi ili, ndalifupikitsako. Mayi wina wa zaka 43 wa ku Nchalo, yemwe amachita geni yokazinga nsomba ndi tchipisi, akuti mu June anadwala chimfine champhamvu, chimfine chitatha anangozindikira kuti sakumvanso fungo lililonse, kaya la sopo kaya la ndiwo zili pamoto. Patapita miyezi ngati itatu anayamba kumva fungo ngati la waya wamagetsi kapena tayala likupsa, makamaka madzulo, mpaka amadzuka pakati pa usiku kukasuzumira kukhitchini koma osapeza kanthu, bambo akunyumba ndi ana akuti iwo sakumva chilichonse. Anyezi akamakazingidwa akumawanunkhira ngati chinthu chowola. Apongozi awo akuti izi si zakuchipatala, pali dzanja la munthu. Nde akufunsa kuti kodi mutu wayamba kusokonekera, kapena alodzedwadi, nanga zidzatha?

Mayi, pepani kwambiri, kusowa tulo chifukwa cha chinthu chomwe anzanu m'nyumba sakuchimva ndi kowawa, ndipo chowawitsa ndi choti ukamawafotokozera amakuyang'ana ngati ukupeka. Simukupeka ayi, ndipo mutu wanu sunasokonekere. Mmene mwafotokozeramu, chimfine kaye, kenako fungo kuzimiririka, kenako patapita miyezi fungo lonama kubwera, ndi mmene vutoli limayendera kwa anthu ambiri, ndipo kuchipatala ndi lodziwika bwino. Fungo kuthawiratu timati anosmia. Kumva fungo pomwe palibe chonunkha, monga tayala lanulo, ndi phantosmia. Chinthu chilipo ndithu koma chikununkha mosiyana ndi mmene chimanunkhira, monga anyeziwo, ndi parosmia. Inu muli nazo zonse zitatu pakamodzi, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri.

Kuti mumvetse bwino tiyambe ndi mmene mphuno imagwirira ntchito. Fungo sitimalimvera pakhomo pa mphuno pomwe timaminira apa ayi. Kumwamba kwenikweni mkati mwa mphuno, chapakati pa maso awiriwa, pali kachigawo kakang'ono komwe kali ndi maselo a mitsempha mamiliyoni angapo, ndipo timitsempha take timadutsa pa timabowo ting'onoting'ono ta fupa la chigaza kukalumikizana ndi ubongo. Maselo amenewa si amtundu umodzi, munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tolandirira fungo, zomwe anazitulukira Linda Buck ndi Richard Axel a ku America mpaka analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2004. Nde fungo limodzi, titi la chambo chikukazingidwa, silidzutsa mtundu umodzi wokha, limadzutsa mitundu yambiri nthawi imodzi, ina mwamphamvu ina pang'ono, ubongo nkuphatikiza zonsezo nkunena kuti ichi ndi chambo. Zili ngati kwaya ya kutchalitchi, nyimbo imamveka kuti ndi yakuti chifukwa soprano, alto, tena ndi besi onse alipo ndipo aliyense ali pa mzere wake. Tsono kachilombo ka chimfine kakafika pa kachigawo kaja kwaya yonse imakhala chete, ndi nthawi ija simunkamva kanthu. Ubwino wake maselo amenewa amaphukanso, thupi limapanga ena atsopano, zomwe mitsempha yambiri ya m'thupi siimachita. Koma sabwerera tsiku limodzi onse, amabwera mmodzimmodzi, ena afika kale ena akadali m'njira, ena aima pamzere wolakwika, nde anyezi akafika oimba besi atatu okha ndi omwe akuyankha, ubongo ukumva nyimbo yosamveka mutu wake nkungoti ichi ndi chowola, thawa. Imeneyo ndi parosmia yanu.

Fungo la tayala lija limabwera mwina maselo ovulala aja akutumiza uthenga okha popanda chowadzutsa, mwina ubongo womwewo, utakhala nthawi yaitali osalandira uthenga wa fungo, umayamba kupanga wakewake. Zomwezi zimachitika ndi khutu, munthu yemwe khutu lake layamba kugontha amamva kulira kwa nthiiii mkati pomwe kunja kuli zii, komanso munthu wodulidwa mwendo amamva chala chikuyabwa pomwe mwendowo palibe. Ndipo pafupifupi nthawi zonse fungo lonamali limakhala loipa, utsi, mphira wopsa, fodya, zowola, zimbudzi, mankhwala, ndi ochepa kwambiri amene amamva lokoma. Simuli nokha ayi, kafukufuku wina wa ku America yemwe anatuluka mu 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 40 kupita m'tsogolo, munthu mmodzi mwa 15 aliwonse amamva fungo lomwe palibe, ndipo amayi ndi omwe anali ochulukirapo. Apo nkuti COVID-19 isanabwere. Itabwera, kuno ku Malawi inapezeka koyamba mu April 2020, vutoli linachuluka dziko lonse lapansi chifukwa kachilombo kameneka kamakonda kugwira maselo omwe amasamalira ndi kudyetsa mitsempha ya fungo ija. Koma kaya chanucho chinali COVID kaya chimfine wamba cha mu June, njira yake ndi yomweyo, tizilombo ta chimfine takhala tikuchita zimenezi kuyambira kalekale.

Tsono inu muli ku Nchalo, ndipo apa pali chosokoneza chomwe munthu wa ku Area 47 ku Lilongwe alibe. Kwanuko utsi weniweni ulipo, nyengo yodula nzimbe minda imatenthedwa, phulusa lakuda limagwera mpaka pa zovala zomwe mwayanika, kuli fungo la kufakitale, kuli oumba njerwa akuwotcha mauvuni, kuli otentha zinyalala madzulo. Nkutheka kuti nthawi zina mphuno yanu ikugwira kautsi kenikeni kochepa komwe ena anakazolowera sakukamvanso, nkukasandutsa tayala. Nde yesani izi. Fungo likabwera funsani munthu ali pafupi, kenako chokani pamalopo, tulukani panja kapena lowani kwa aneba. Likakutsatani kulikonse, muli mu minibasi kupita ku Dyeratu lilipo, muli kutchalitchi lilipo, ndiye kuti likuchokera mkati. Kenako tsekani bowo limodzi la mphuno ndi chala mupume ndi linalo, musinthe. Anthu ambiri omwe vuto lawo lili m'mphuno momwemo amapeza kuti fungolo lili mbali imodzi, ndipo akatseka mbali imeneyo limachepa kapena kuzimiririka kaye. Zikatero ine mtima umakhala pansi, chifukwa zikusonyeza kuti gwero lake ndi kachigawo kaja, osati mkati mwa ubongo.

Ndanena kuti nkhani yanu ikufanana ndi ya ambiri, komabe sindingakuuzeni kuti ingokhalani kunyumba, chifukwa pali matenda ena ochepa omwe amabwera ndi fungo lonama ndipo amenewo safuna kuchedwa. Lomwe ndimaliganizira koyamba ndi khunyu. Anthu akamva khunyu amaganiza za munthu wogwa pansi akuphupha thovu kukamwa, koma pali mtundu wina womwe munthu sagwa nkomwe. Fungo limabwera mwadzidzidzi, lomwelomwelo nthawi zonse, limakhala masekondi ochepa kapena mphindi imodzi ziwiri nkutha, pena limabwera ndi kanthu kokwera kuchokera m'mimba kupita pakhosi kapena mantha osadziwika komwe achokera, kenako munthu amangoti maso tong'o, akuitanidwa osayankha, akutafuna pakamwa popanda chakudya kapena akutolatola chitenje chake, zikatha iye sakumbuka kuti zachitika. Poti mwini wake sakumbuka, afunseni bambo akunyumba ndi ana ngati anakuonanipo mukuchita zoterezi. Ngati inde, pitani kuchipatala sabata yomwe ino, mankhwala a khunyu alipo ndipo amathandiza, ndipo kwa munthu wogwira ntchito pa chiwaya cha mafuta owira ngati inu nkhani imeneyi si yochedwa nayo, anthu a khunyu ambiri omwe timawaona ndi zilonda zamoto amakhala anagwera pamoto pophika.

Chinanso ndi ngozi ya m'mutu. Masiku ano ndi kabaza wa njinga zamoto uyu, anthu atatu panjinga imodzi opanda helemeti, ambiri amagwa nkumenyetsa nkhongo pansi, akadzuka amati ndili bwino, koma timitsempha todutsa pa fupa tija tadukaduka. Ngati munagwapo chaka chino kapena chatha munene. Munenenso msanga ngati mutu ukupweteka mowonjezereka tsiku ndi tsiku makamaka m'mawa mpaka kusanza, ngati maso ayamba kuona ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, dzanja kapena mwendo mbali imodzi wafooka, kapena abale akuti khalidwe lanu lasintha, chifukwa chotupa cha mu ubongo, ngakhale sichichitikachitika, chimatha kuyamba chonchi. Bowo limodzi la mphuno likakhala lotsekeka nthawi zonse, likutuluka mafinya kapena magazi, limenelonso ndi lofunika kuliona ndi chipangizo. Pena fungo limakhala lenileni ndithu koma likuchokera m'thupi mwanu, mafinya a m'mphako za mafupa a kumaso kapena dzino lakumwamba lobooka, ndipo zikatero munthu wokuyandikirani amalimvanso. Kwa ana ndiye nkhani ndi ina, mwana akamatuluka mamina onunkha bowo limodzi, kawirikawiri muli njere ya chimanga, nyemba kapena kachidutswa ka siponji komwe anadzilowetsa, musatokose ndi kamtengo, mutengereni kuchipatala. Ena fungo limawabwerera mutu waching'alang'ala usanayambe. Ndipo ngati pamwamba pa fungo munthu akumvanso mawu a anthu omwe palibe, amenewo ndi matenda a maganizo, nawonso ali ndi chithandizo chake.

Inu simunatchule chilichonse mwa izi, nde ndikuyembekeza kuti palibe, komabe kapimitseni kamodzi. St Montfort muli nayo pafupi pomwepo, apo ayi chipatala cha boma ku Chikwawa, ndipo adokotala akaona kuti pakufunika kuunika mkati mwa mphuno ndi kamera kapena kujambula m'mutu adzakulemberani kalata yokwera nayo mtunda kupita ku Queens ku Blantyre komwe kuli akatswiri a khutu, mphuno ndi pakhosi. Si aliyense amafunika sikani, ambiri nkhani yawo ndi kuwaona m'mphuno zimakwanira.

Za apongozi anu, ine sindikuwaweruza, akuona mpongozi wawo akuwonda, akudzuka usiku kufunafuna moto womwe palibe, nde akufuna yankho, ndipo kwathu kuno chinthu chosaoneka ndi maso timathamangira kuti pali munthu. Amene amamva fungo la chowola ndiye amauzidwa zoopsa kwambiri, eti ndi malodza, kubwera maliro. Zimenezi zadanitsa anthu pachibale komanso pamsika, mayi nkuyamba kukayikira mnzake woyandikana naye benchi pomwe gwero lake ndi chimfine cha mu June. Kupemphera pempherani, palibe choletsa. Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi choti musalole munthu aliyense kukuthirani kapena kukuuzirani zinthu m'mphuno, kaya ndi ufa wa mitengo, madzi a masamba, fodya wa m'mphuno, adyo, kapena kukufunditsani bulangete pa utsi. Maselo omwe akuphuka kumwamba kuja ndi anthete, mukawawotcha ndi zinthu zoluma mukhoza kutaya ndi kochepa komwe kanayamba kubwerera. Ngati nkotheka apongoziwo mupite nawo limodzi kuchipatala akamve okha, akuluakulu amamva bwino akauzidwa maso ndi maso kusiyana ndi kuwauza kuti ndawerenga pa foni.

Tsono chochita. Kunena zoona piritsi loti mumwe fungo lonama lithe mawa kulibe, ndipo wina akakugulitsani lotero wakuberani. Amoxicillin kapena bactrim wa pagolosale sathandiza pa vuto ili. Mankhwala odonthezera m'mphuno otsegula mphuno aja ndi a masiku ochepa okha, mukapitirira sabata mphuno imazolowera nkumatsekeka kuposa kale. Prednisolone musamwe mwa inu nokha, amakweza shuga ndi BP. Pali sipule ya m'mphuno yochotsa kutupa yomwe adokotala angakupatseni akaona kuti mkati mwatupa kapena muli tinthu tomera, imeneyo imathandiza pa anthu amenewo, osati aliyense.

Chomwe chili ndi umboni ndipo sichifuna ndalama zambiri ndi kuphunzitsa mphuno. Njirayi anaiyesa koyamba a Thomas Hummel ndi anzawo ku Dresden m'dziko la Germany, zotsatira zake zinatuluka mu 2009, odwala ankanunkhiza mafungo anayi, a rozi, bulugamu, ndimu ndi ma clove (zokometsera chakudya zonunkhira kwambiri), kawiri patsiku kwa masabata 12, ndipo omwe anachita izi anapezako bwino kuposa omwe sanachite. Simukufunika mafuta odula a m'botolo ayi. Pezani timabotolo tinayi toyera tokhala ndi zotsekera, tosanunkha zomwe zinalimo kale. Mwina muike makoko a ndimu, mwina masamba a bulugamu otikita, mwina jinja wodula, mwina ma clove ngati mungawapeze mushopu, apo ayi chilichonse chomwe fungo lake mumalidziwa kuyambira muli mwana, kachidutswa ka sopo wosambira, masamba a tiyi, mtedza wokazinga ngati sukukunyansani. M'mawa musanayatse moto khalani pansi pamalo opanda utsi, tsegulani kamodzi, kayandikizeni pamphuno, mununkhize pang'onopang'ono timpweya tifupitifupi kwa masekondi ngati 20, osati kukoka mwamphamvu mpaka m'mapapo. Pomwe mukununkhizapo maganizo akhale pa chinthucho, ngati ndi ndimu kumbukirani mmene imanunkhira mukaifinyira pa nsomba yootcha, mtundu wake, kuwawasa kwake, chifukwa tikuphunzitsa mphuno ndi ubongo pamodzi. Pumani pang'ono, tengani kachiwiri, mpaka tonse tinayi. Madzulo chimodzimodzi. Ndi kutentha kwa kuchigwa kuno makoko ndi masamba amauma kapena kuchita nkhungu msanga, nde muzisintha pakapita masiku awiri atatu. Masabata oyambirira mwina simumva kanthu, mwina ndimu inunkha ngati palafini, musasiye, ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti sizikugwira. Miyezi itatu ndi poyambira chabe, kupitiriza mpaka isanu ndi umodzi kapena kuposa ndi bwino, ndipo pakatha miyezi itatu mukhoza kusintha nkuika mafungo ena anayi. Si onse amachira nayo njirayi, koma siipweteka munthu, ndipo mwa zonse zomwe tili nazo ndi imene ndingauze m'bale wanga kuti achite.

Kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere kumathandiza ena kuti fungo lonama lizime kwa kanthawi, makamaka nyengo ya fumbi ino. Theka la supuni yaing'ono ya tiyi ya mchere mu kapu imodzi ya madzi, pafupifupi 250 ml. Koma madziwo akhale owiritsa nkuzizira mpaka ofunda chabe, apa ndikutsindika. Ndikudziwa kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere kale, wina angati basi ndingotunga nkuthira, ayi, ndipo a mu Shire kapena a m'ngalande za kuminda ndiye musayerekeze, m'madzi ofunda osawiritsa mumatha kukhala tizilombo tomwe tikalowera m'mphuno timafika ku ubongo. Thirani pang'ono pachikhatho chosamba bwino, weramani, kokani ndi bowo limodzi nkusiya atuluke, kapena gwiritsani sirinji yatsopano yopanda singano. Otsala tayani, mawa mupange ena.

Nkhani ya chakudya ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri kwa anthu a parosmia, chifukwa ena amawonda zoopsa, anthu nkuyamba kuwanena za matenda ena. Zomwe zimavuta kwambiri ndi zokazinga ndi zootcha, anyezi, adyo, nyama, mazira, khofi, ena mpaka mankhwala otsukira mano, ndipo mwatsoka geni yanu ndi yomweyo. Lilime lanu lili bwinobwino, likumva kutsekemera, mchere, kuwawasa ndi kuwawa, tsabolanso mukumumva chifukwa kuyabwa kwake kumadutsa mtsempha wina osati wa fungo. Nde dalirani zimenezo. Chakudya chozizira chimatulutsa fungo lochepa kuposa chotentha, choncho ndiwo zisiyeni zipole kaye. Zowiritsa zimapiririka kuposa zokazinga, nyemba zopanda anyezi, masamba otendera, mbatata, mpunga, phala, nthochi, thobwa la mapira. Zowawasa zathu zakuchigwa zija, masau, malambe, bwemba, ambiri zimawatsegula pakamwa, ndimu pa ndiwo chimodzimodzi. Zikavuta kwambiri tsinani mphuno pomwe mukutafuna ndi kumeza, zimaoneka zachilendo koma chakudya chimalowa. Chenjerani ndi mchere ndi shuga, munthu wosamva fungo amathira mowonjeza kufuna kuti chakudya chikome, BP nkukwera, komanso makasitomala nkumadandaula kuti tchipisi chawawa mchere. Ndipo zomwe zikukunyansani lero musazitaye mpaka kale, muziziyesa pang'ono pakapita masabata angapo, zimasintha.

Pali mbali ina yomwe simunafunse koma kwa ine ndi yaikulu kuposa tayala lija. Mphuno yanu panopa ikukunamizani kawiri, ikukuuzani za moto womwe palibe, komanso ikhoza kukhala chete moto weniweni ulipo. Choopsa ndi choti mukazolowera kunena kuti aaa ndi fungo langa lija, tsiku lina chidzakhala chinthu chenicheni. Nde musadalire mphuno, dalirani maso ndi dongosolo. Musanagone zimitsani mbaula ndi madzi, muone ndi maso kuti makala azima, kandulo ndi koyilo ya udzudzu zikhale kutali ndi neti ndi makatani, zamagetsi muzule, ndipo muzichita izi ndi munthu wina kuti fungo likakudzutsani usiku mumugwedeze iyeyo anunkhize, akati palibe mugone. Mbaula yoyaka musagone nayo m'nyumba yotseka, mpweya wake wakupha uja ulibe fungo ngakhale kwa munthu wa mphuno yabwino. Ngati m'nyumba mumasungidwa petulo wa m'zigubu wa njinga, kapena mumaphikira gasi, pakhale wina woti azinunkhiza tsiku ndi tsiku. Kwa alimi a thonje omwe ali ndi vuto lomweli, popopera mankhwala fungo ndi lomwe limakuchenjeza kuti mphepo yatembenuka ikukubwezera kumaso, nde wosamva fungo avale zodzitetezera mosanyengerera, kapena apopere wina.

Ku geni yanu ndiye samalani kwambiri. October ndi November kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, nsomba yogula m'mawa pofika masana yayamba kale kufewa, ndipo inu kale munkaidziwa ndi mphuno musanaigwire nkomwe. Panopa yang'anani makha ake ngati akadali ofiira, maso ngati ali owala osalowa mkati, dinani ndi chala muone ngati mnofu ukubwerera, ndipo pogula mutenge mwana wamkulu kapena mnzanu wodalirika akhale mphuno yanu. Mafuta a pachiwaya akapsa simumva, muziwaona mtundu ndi utsi wake. Ndiwo zogona musazilawe kuti muone ngati zili bwino, afunseni ena, mukakayika tayani. Ngati zingatheke kwa miyezi ingapo wina aziima pachiwaya inu muzilandira ndalama chapatali komwe mphepo ikuchokera, mseru udzachepa. Ena amavutikanso ndi maganizo oti mwina ndikununkha thukuta anthu sakundiuza, mpaka kusiya kupita ku misonkhano ya banki m'khonde kapena kukwaya, apa ingosankhani munthu mmodzi yemwe sangakubisireni muzimufunsa basi.

Nanga zidzatha? Kwa anthu ambiri omwe vutoli linabwera ndi chimfine, inde, zimachepa. Sizitha ngati kuzimitsa nyali, fungo lonama limayamba kubwera patalipatali, mphamvu yake nkumachepa, mpaka tsiku lina mumangozindikira kuti papita sabata osalimva. Ena miyezi ingapo, ena chaka, ena mpaka ziwiri, ndipo chimfine china kapena kutopa kwambiri kumatha kulibweza kwa masiku ochepa, musadzaope zikatero. Kuti anyezi ayamba kununkha moipa pomwe poyamba simunkamva kalikonse, madokotala ambiri timakuona ngati chizindikiro choti maselo ayamba kubwerera, ngakhale ndi nyengo yowawa kudutsamo. Alipo ena omwe fungo silibwerera lonse ngati kale, zimenezo sindikubisirani, koma ngakhale iwowo fungo lonama lija nthawi zambiri limawasiya. Opaleshoni yochotsa kachigawo kaja inachitikapo kwa anthu ochepa ovutika zaka zambiri, koma ili ndi zoopsa zake ndipo si nkhani yanu panopa. Ngati mumasuta kapena bambo amasutira m'nyumba, ino ndi nthawi yoti utsi wa fodya utuluke panja. Ndipo ngati mwayamba kusowa chimwemwe, kulira nokha, kusafuna kuonana ndi anthu, kapena sikelo ikutsika mwezi ndi mwezi, zimenezonso mukanene kuchipatala, si zochititsa manyazi, kutaya fungo kumagwetsa anthu ambiri mphwayi kuposa mmene ena amaganizira.

Musanapite kukaonana ndi adokotala tengani kope, kwa sabata imodzi muzilemba nthawi yomwe fungo labwera, lakhala nthawi yaitali bwanji, munali pati mukuchita chani, linali bowo liti, ndipo linasiya kapena ayi mutatseka mphuno. Mulembenso mankhwala onse omwe mukumwa, ndi a zitsamba omwe, chifukwa mankhwala ena amasokoneza fungo. Kabuku kanu ka kuchipatala musaiwale, ndipo bambo akunyumba kapena mwana yemwe amakhala nanu nthawi zambiri apite nawo, chifukwa funso loti kodi amayi amangoti duu osayankha fungoli likabwera, inu simungaliyankhe nokha.